Zipolopolo za nguluwe

Amuna anga anabwera ku nkhondo ndi khutu limodzi logontha komanso luso losamala mfuti. Nthawi ya Chitaganya tinkakhala ku Lilongwe, m'kanyumba ka kuseri kwa masitolo, kufupi ndi msika. Iwo ankagwira ntchito kwa mmwenye wina wogulitsa nsalu, makasu ndi misomali. Bwanayo analinso ndi munda wa chimanga kutsidya la mtsinje, ndipo nguluwe zinkausakaza chaka ndi chaka.

Mfuti anali nayo, ya chilolezo cha boma, koma yakalekale, yoti zipolopolo zake zinasiya kupezeka. Ndiye anaitanitsa chikombole, onga ndi tizitsulo titatu tokhala ndi mabowo, n'kuuza amuna anga kuti azipanga okha. Mfuti ndi onga zinkagona kusitolo. Kwathu kunkabwera mtovu.

Loweruka masana ankakoleza mbaula pabwalo, n'kutereka kamphika kachitsulo kodzaza zidutswa za mapaipi akale. Utsi wake unkakanda kukhosi. Ine ndinkavundikira mtsuko wa madzi akumwa, ana n'kuwathamangitsira kwa anzawo.

Kuumba sikunkawavuta. Chinkawasowetsa mtendere ndi kunenepa kwa chipolopolo. Chikazizira ankachipaka phula la njuchi, n'kuchikankha pabowo la kachitsulo kuti chipalike, chilingane ndi zinzake. Mabowo atatuwo kwa ine anali amodzimodzi, koma iwo ankati akusiyana pang'ono, kuchepera tsitsi, ndipo pang'onopo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Anayamba ndi bowo laling'ono. Atapita ndi zipolopolozo kumunda anabwerako madzulo nkhope ili gwa, chakudya osachiyang'ana.

"Bambo, kwagwanji?" ndinafunsa.

"Ndalasa nguluwe pantchafu, pomwe ndimalinga pamtima. Ndailondola tsiku lonse, yalowa m'bango. Amayi amatunga madzi pamenepo."

Anandiuza kuti mfutiyo inakalamba, m'kati munadyeka, moti chipolopolo chinkangogwedera ngati phazi la mwana mu nsapato ya atate ake. Chinkatuluka chopepeluka, n'kusiya mtovu utamatirira m'mfutimo. Kwa masiku angapo ankalawirira kumtsinje asanapite kuntchito, kukachenjeza otunga madzi. Nguluweyo sinapezeke.

Anayesa bowo lalikulu. Apo mfuti inakana kutsekeka, ndipo iwo anaopa kukakamiza, kuti ingawaphulikire m'manja. Pomaliza anakhomera kanthongo ka mtovu wofewa m'kamwa mwa mfuti, n'kukakankha ndi ndodo mpaka kutulukira kumbuyo, kuti mfutiyo inene yokha kukula kwake. Anabwera nako kunyumba atakakulunga m'kansalu. Ankakhala pakhonde akukatembenuza, kukayerekeza pabowo ili ndi ilo, ngakhale ndiwaitane osamva.

Masiku amenewo tauni sinali bwino. Misonkhano inaletsedwa, anthu ankatengedwa, malole a asilikali ankawoloka mlatho anthu akungoyang'ana pansi. Ndiye taganizani, kuseri kwa sitolo kukufuka utsi wa mtovu, ndipo wousungunulayo ndi msilikali wakale. Kumsika mayi amene ndinkagulako nyemba anasiya kundiikira basera. Tsiku lina ndikuchoka ndinamva kumbuyo kwanga: "Ndi omwewo, akazi a opanga zipolopolo." Sindinacheuke.

Ndinawapempha amuna anga kuti asiye. Anati, "Ndikasiya pano, ndiye kuti ndavomera zimene akunenazo. Ndipo nguluwe sizidziwa za Chitaganya."

Loweruka lotsatira kunabwera achimwene anga, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ndipo misonkhano yobisika sankaiphonya. Ndinawayalira mphasa, anakana kukhala. Anaima pafupi ndi mbaula, kuyang'ana zipolopolo zimene zinandandalikidwa pathabwa.

"Alamu, izi n'za yani?"

"Za nguluwe, alamu."

"Nguluwe za miyendo ingati?"

Amuna anga anaika chipande cha mtovu pansi. Anatenga tizitsulo tija n'kuyamba kufotokoza za bowo laling'ono, la pakati ndi lalikulu, kuti zipolopolozi sizingalowe m'mfuti ina iliyonse m'dziko muno kupatula nkhalamba imodzi ya kusitolo. Ankalankhula mokweza monga amachitira agonthi, ndipo ine ndinkaona mitu ya anthu ikusuzumira pampanda.

"Ngati si za boma, tipatseniko ife," anatero achimwene motsitsa mawu.

"Ndinaona kale chimene chipolopolo chimachita m'thupi la munthu. Sindipatsa boma, sindipatsanso inu."

Achimwene anatembenukira kwa ine. "Mlongo, wamva wekha. Zikadzavuta usadzati sitinakuuze." Anatuluka osatsazika. Ndinawatsatira mpaka panjira ndikuitana, koma sanaime.

Amuna anga anasankha bowo la pakati. Anakayesa pachulu kumunda kuja, bwana ataima potero, ndipo zipolopolo zinagwera pamodzi, pamalo poti n'kuphimba ndi chikhatho. Pobwera anandiuza zimenezi mosasangalala, ngati akunena za munthu wina.

Sabata yomweyo bwanayo anachita mantha ndi mphekesera, poti nayenso anthu anayamba kuilambalala sitolo yake. Anakapereka mfuti ku boma kuti aisunge, nalamula kuti chikombole ndi tizitsulo zibwerere kusitolo. Ndinazinyamula ndine, m'dengu, pamwamba nditaika masamba a mpiru. Chaka chimenecho nguluwe zinadya mundawo mpaka m'malire.

Achimwene anatengedwa patapita milungu yochepa, pamodzi ndi anzawo. Panalibe amene anatiloza chala poyera, koma akazi a achimwene anakana ufa umene ndinawatengera. Ndinaubweza pamutu kudutsa pamsika ponse. Achimwene atatulutsidwa, sanapondenso pakhomo pathu. Tinakakumana kumudzi pa maliro a amayi athu. Ine anandilonjera bwinobwino, n'kufunsa za ana mmodzimmodzi. Koma amuna anga, achimwenewo anawapatsa dzanja lokha, n'kukakhala mbali ina ya bwalo.