Ndinalavulira Apongozi pa Nsalu Yoyera

Inu owerenga, ndikuvomera poyambirira pomwe kuti cholakwa chinali changa. Ndinanyoza apongozi anga pamaso pa mudzi wonse, ndipo ndinawanyoza ndi kanema amene ndinajambula kuti ndiwasangalatse. Koma ndikukanitsitsa zimene ena akhala akunena zaka zonsezi, zoti ndinachitira dala, kapena zoti ndinaikamo mankhwala. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Mapepala onse a nkhaniyi ali m'bokosi langa lachitsulo, ndipo wofuna kuwaona abwere, ndimuyalira pamphasa. Chondipweteka n'chakuti chimene chinandigwetsa ndi khalidwe lomweli losunga mapepala.

Zinachitika m'zaka za Chitaganya, Chipata akadatchedwa Fort Jameson. Kwathu ndi cha ku Vubwi, koma ndinakwatira m'mudzi wina pafupi ndi Mkaika, ndipo ndinkakhala komweko pachikamwini, ndikuphunzitsa pa sukulu ya mishoni. Tsiku lina ndinalandira kalata yoti chaka chotsatira ndikaphunzitse cha ku Sinda, kumene kunali nyumba ya mphunzitsi ya njerwa. Ndinkafuna kupita ndi mkazi wanga Esinati ndi mwana wathu wakhanda. Achinyamata a lero mwina simudziwa kuti mkamwini sankangonyamula mkazi ngati thumba la chimanga. Ankapempha chitengwa, ndipo ovomera anali mayi a mkaziyo ndi atsibweni ake, eni mbumba. Atsibweni a Esinati, a Gidiyoni, anali atayamba kufewa. Apongozi, mayi a Esinati, ndiwo anali asanayankhe.

Nthawi yomweyo msuweni wanga Laitoni anabwera kuchokera ku migodi, kumene ankayendetsa lole. Anabwera ndi kamera yojambula zithunzi zoyenda, imene anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo, pamodzi ndi makina oonetsera. Masiku amenewo tinkati bayisikopo. Tinali titaonerapo ya boma, yophunzitsa kukumba zimbudzi ndi kulima m'mizere, koma munthu wa kwathu kujambula anthu a kwathu, zimenezo sitinazimvepo. Kamerayo ndinaigwira m'manja. Inali yolemera ngati mwala wa mphero, yopukusa ngati wotchi, ndipo ukadina kabatani inkalira ngati nkhululu. Pomwepo ndinaganiza kuti ndikajambula mudzi wa apongozi, iwo n'kudziona akuyenda pansalu, mtima wawo udzasungunuka ndipo chitengwa ndidzachipeza.

Laitoni anandibwereka kamerayo ndi mipukutu iwiri ya filimu, n'kundiphunzitsa. Mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mpukutu uliwonse unali ndi mbali ziwiri. Ukajambula mbali imodzi, kanthawi kongokwanira kuimba nyimbo imodzi ya m'tchalitchi, unkautembenuza n'kujambula mbali inayo. Mpukutu watsopano unkabwera utamangidwa ndi kapepala ngati lamba. Lamulo la Laitoni linali lakuti mbali zonse ziwiri zikatha uumangenso ndi kapepala komweko, ndipo mpukutu wopanda lamba ndiye kuti ukadali ndi malo.

"Wamva, mphunzitsi iwe?" anandifunsa. "Kapena ndikulembere pabolodi ngati ana ako a chimfine aja?"

Ndinamuyankha kuti munthu amene sanamalize Sitandade 3 asandiphunzitse kusamala mapepala. Tinaseka. Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero.

Mpukutu woyamba ndinaujambula Loweruka lina m'nyengo ya masika, ndipo chisangalalo cha tsiku limenelo sindingachifotokoze n'kuchimaliza. Amayi atatu anasinja mumtondo umodzi, misi ikulowa mosinthana, akuseka n'kumabisa nkhope. Wina anathawa n'kukabisala m'khola la mbuzi poopa kuti kabokosiko kamutenga mzimu, koma ataona anzake sanafe anabwerera atavala duku latsopano. A Gidiyoni anatulutsa njinga yawo, anaipukuta, anavala jekete dzuwa likuswa mtengo, n'kuzungulira bwalo katatu atakhwimitsa khosi ngati bwana wa ku boma. Ine ndinkathamanga uku ndi uku, thukuta kamukamu, ndikukuwa kuti yendani, musaime, ichi si chithunzi cha pachitupa! Madzulo ake ndinalemba zonse m'buku langa, mbali yoyamba zakutizakuti, mbali yachiwiri zakutizakuti, ndipo mpukutuwo ndinaumanga bwinobwino.

Kunatsala kujambula apongozi, ndipo apa panali vuto. Mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Sindinadyepo iwo akuona, ngakhale chimanga chootcha. Nanga ndikanaloza bwanji kamera pankhope pawo diso langa lili pakabowo? Ndinaphunzitsa Esinati. Ndinapukusa, ndinamuonetsa podina, kenaka ndinakaima kuseri kwa nkhokwe nditafulatira. Ndinkangomva kulira kwa kamera ndi mawu a Esinati akuti amayi dzutsani mutu, amayi sekani pang'ono. Anawajambula atakhala pamphasa, atavala chilundu chawo chopita nacho kutchalitchi, akusenda nsawa m'lichero, kenaka atanyamula mdzukulu wawo. Mbali yachiwiri ndinajambula ine, ng'ombe zikubwera kudambo ndi ana akusewera.

Mbali zonse ziwiri zinatha. Ndinatulutsa kapepala kaja m'thumba kuti ndimange mpukutu, koma ndinaona kuti kali ndi timalemba tating'ono ta Chingerezi tofotokoza za kuwala kwa dzuwa. Mtima wanga unati pepala lolembedwa chonchi lisapite kutali, ndiyambe ndalikopera m'buku. Ndinaliwongola, ndinaliika pakati pa buku, buku m'bokosi lachitsulo, bokosi n'kukiya. Mpukutu ndinauponya m'kachitini kake wopanda lamba, ndikuti ndiumanga mawa. Mawalo silinafike.

Patapita milungu iwiri ndinapita ku Katete kukabweza kamera ndi kutumiza mipukutu pa positi, chifukwa inkatsukidwa kutali, ku Joni. Laitoni ndinamupeza pamsika atatsamira lole. Anatsegula kachitini n'kuona mpukutu wopanda lamba.

"Uwu ukadali ndi malo," anatero. "Bwera ndikujambule nawenso, apongozi ako aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi nyani wovala tayi."

Inu owerenga, buku langa linali kunyumba. Mutu wanga unali utadzaza ndi mtondo, njinga, ng'ombe, zonse zitasakanikirana. Koposa zonse, ndinkafuna kudziona pansalu. Ndinali nditajambula mudzi wonse, ine ndekha osaonekamo. Sindinaganize kawiri. Ndinaika mpukutuwo m'kamera ndi manja angawa, pamthunzi wa lole. Laitoni anandigulira nzimbe kuti ndisangoima ngati chitsa, ndipo anabweretsa kamera pafupi ndi nkhope yanga. Ndinasenda nzimbeyo ndi mano, ndinatafuna mokweza masaya, ndinatong'ola maso, n'kumalavula makoko molunjika kamera, anthu a pamsika akufa nazo nseko. Unali msuweni ndi msuweni, tinkacheza.

Mipukutu inabwera patatha milungu isanu ndi umodzi. Lisiti la ku positi ndili nalo. Tinakonza zoonetsa Loweruka masana m'chipinda cha sukulu, titatseka mawindo ndi mphasa ndi mabulangete. Makina a Laitoni anali opukusa ndi dzanja, nyali yake inkayaka ndi batire la lole. M'mawa mwake iye anandiuza kuti tiyambe taona tokha. Ndinakana. Ndinati tisathe batire pachabe, zonse zimene zili m'menemo zinalembedwa m'buku langa. Ndikanalitsegula bukulo ndikanaona kuti nditawonjezera za pamsika, mbali zolembedwamo zinali zisanu. Mipukutu iwiri ili ndi mbali zinayi. Mwana wa Sitandade 1 akanaona zimenezi.

Anthu anadzaza chipindacho, ena atakhala pamiyendo ya anzawo. Apongozi anakhala kutsogolo ndi amayi ena, ine ndinaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi makina, monga mwa ulemu. Pabolodi tinapachika nsalu yoyera ya pabedi pathu. Laitoni atayamba kupukusa, mtondo uja unaonekera, misi ikukwera n'kutsika popanda phokoso. Chipinda chonse chinaphulika! Amayi analulutira, ena anaimirira n'kumaloza, uyo Nabanda, uyo ine, ha, kodi ndimasinja choncho? Gogo wina anapita kukasuzumira kuseri kwa nsalu. A Gidiyoni atadziona panjinga anaimirira n'kuvula chipewa, kudzipatsa moni okha, ndipo anakuwa kuti, "Aphunzitsi, mkazi wanuyo mutengeni, mupite naye ngakhale ku Ulaya!" Anthu anaomba m'manja. Anatiumiriza kubwereza mpukutuwo katatu. Ine ndinali ndikuona kale Esinati akusesa m'nyumba ya njerwa ku Sinda.

Kenaka tinaika mpukutu wachiwiri.

Apongozi anaonekera atakhala pamphasa, lichero pamiyendo, okongola, aulemu. Amayi anayamba kululutira. Koma pamwamba pa nkhope yawo panali nkhope ina yaikulu, yoonekera mkati ngati utsi. Inali nkhope yanga. Mpukutu uja unadutsa m'kamera kachitatu, ndipo zithunzi za pamsika zinagona pamwamba pa zithunzi za Esinati. Mudzi wonse unaona mkamwini atakhudzana mphumi ndi apongozi ake, akuwatong'olera maso, akutafuna pamaso pawo. Apongozi pansalupo anadzutsa mutu n'kumwetulira, monga mwana wawo anawapemphera, ndipo nthawi yomweyo ine ndinalavula makoko a nzimbe, n'kuwagwera pakamwa penipeni.

Nthungululu zinadukira pakati. Mnyamata wina kumbuyo anaseka, wina n'kumumenya khofi. Ndinakuwa kuti Laitoni leka, koma iye anali atauma, dzanja likungopukusa lokha, ndipo pansalupo ndinalavulanso kachiwiri apongozi atanyamula mdzukulu. Apongozi enieniwo anaimirira mwakachetechete, anafunda chilundu kumutu, n'kutuluka. Amayi onse anawatsatira, Esinati pambuyo pawo akulira.

A Gidiyoni anavala chipewa chawo. "Aphunzitsi," anatero, "mwatiitana ndi kutseka mawindo kuti tione bwino mukulavulira mlongo wanga?"

Nkhani inapita kwa ankhoswe. Ine ndinanyamula mapepala onse, buku, lisiti, ndi kapepala ka lamba kaja, ndikukhulupirira kuti ndikawawerengera adzamvetsa kuti inali ngozi. Apa ndinalakwanso. M'malo mogwada n'kupepesa, ndinayamba kuphunzitsa akuluakulu za mbali ziwiri za filimu. A Gidiyoni anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati ngati zonse zinalembedwa ndi dzanja langa, ndiye kuti ndinkadziwa. Ena anati munthu sangalowe m'chithunzi cha mnzake popanda mankhwala. Ine, mkhristu wobatizidwa, wotsogolera nyimbo m'tchalitchi! Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo magazi amawira. Ndinapereka mbuzi yopepesera, ndipo inalandiridwa. Koma pa za chitengwa apongozi anatumiza yankho lalifupi kudzera mwa ankhoswe. Anati munthu amene amachita zotere iwo ali pafupi, akapita ndi mwana wawo kutali adzamuchita zotani?

Ku Sinda ndinapita ndekha. M'nyumba ya njerwa ija ndinakhalamo zaka zitatu ndikudziphikira, Lachisanu lililonse ndikupalasa njinga kupita kwa mkazi wanga, m'fumbi ndi m'matope. Mwana wanga anayamba kuyenda ine kulibe, ndipo mawu ake oyamba ndinachita kuuzidwa. M'chaka chachitatu apongozi anadwala nthawi ya mvula. Asanamwalire anauza Esinati kuti amuna akowo si oipa, n'ngopusa chabe, upite nawo. Chitengwa changa ndinachipeza motero, pamaliro.

Titakhazikika ku Sinda, Laitoni anadzatichezera ndi makina ake aja. Esinati anandipempha chinthu chimodzi. Mayi ake sanajambulitsepo chithunzi china chilichonse moyo wawo wonse, ndipo nkhope yawo inatsala pa mpukutu uja wokha, umene iye mwini anajambula ndi manja ake. Tinatseka zenera, tinapachika nsalu. Mayi ake anaonekera akusenda nsawa, ine ndili pamwamba pawo ndikutafuna. Esinati anasendera pafupi, anapendeketsa mutu uku ndi uku ngati munthu wosuzumira kuseri kwa mnzake. Kenaka, osatembenuka, anayankhula ndi munthu wa pansaluyo motsitsa mawu.

"Bambo a mwana, tasunthani pang'ono, ndiwaone amayi."

Sindikanasuntha. Ndinalembera kalata anthu otsuka mafilimu aja kuwafunsa ngati angandichotsepo, ndipo anayankha kuti zimene zalowa pafilimu sizituluka. Kalata imeneyonso ndili nayo.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amene mumajambula maukwati, zinkhoswe ndi makolo anu, ndikukupemphani. Musaonetse anthu chinthu chimene inu eni simunachione kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale mutadzikhulupirira chotani. Wokuphunzitsani ntchito mumvereni, angakhale sanapite patali ndi sukulu. Mukalakwira akuluakulu, yambani mwagwada, mapepala abwere pambuyo. Ndipo mukajambula munthu wokalamba, chithunzicho chisamaleni kuposa chanu, chifukwa mwina n'chokhacho chimene ana ake adzatsale nacho.

Esinati anamwalira asanaone nkhope ya mayi ake ili yokha. Kapepala ka lamba kaja kakadali pakati pa buku langa, kowongoka bwino, kosang'ambika ngakhale pang'ono. Ndinakasunga bwino kwambiri. Malo ake anali pa mpukutu.