Woliza Belu ndi Mwendo Wamanzere wa Orietta

Mkulu woliza belu patchalitchi chathu ndi munthu wa malamulo. Amati belu lili ndi ntchito zitatu basi: Misa, ukwati ndi maliro. Mwana akangogunditsa mpira pakhoma la tchalitchi, mkuluyu amatuluka ndi tsache. Palibe amene tsachelo linamuthamangitsa kuposa Orietta, mwana wa ophika buledi, yemwe anaswapo ndi mpira zenera la abambo mfumu.

Lero Orietta amasewera pakati m'timu yaikulu ya ku Milano, ndipo mkuluyu amadziguguda pachifuwa: "Liwiro limenelo ndinamuphunzitsa ndine!"

Tsiku limene Orietta anavala koyamba jezi ya buluu ya dziko lathu, tinadzazana m'nyumba ya khofi kuonera pakanema. Masewero atatsala pang'ono kutha, analanda mpira pakati pa bwalo, n'kupita adani awiri, n'kuumenya. Chigoli! Tisanamalize kukumbatirana, belu linayamba kulira ngati pa Pasaka, chonsecho linali Lachiwiri masana.

Abambo mfumu anakwera nsanja ali wefuwefu, ife tili pambuyo.

"Wamwalira ndani?" anafunsa atapeza mkulu uja akukoka chingwe.

"Palibe, bambo. Orietta wathu wamwetsa!"

"Mwapenga kodi? Bweretsani makiyi, ntchito yatha!"

Mkulu uja anapereka makiyi ndi dzanja limodzi, linalo likukokabe chingwe. Abambo anawayang'ana makiyiwo, kenako anafunsa chapansipansi: "Wamenya ndi mwendo uti?"

"Wamanzere."

"Womwe uja unaswa zenera langa?"

"Womwewo, bambo."

Abambo anaponya makiyi pansi n'kupinda manja a mkanjo. "Tasunthani, akulu, inu mwakalamba. Belu limeneli silikumveka ku Roma."