Mendulo ya a Lusiye, Khasu la kwa Mposa

Maganizo ochoka anandibwerera ndili pa siteji ya kabaza ku Balaka, dzuwa likuswa mtengo, njinga zili mbwee koma wokwera osaoneka. Ndinadzifunsa kuti kodi ndidzapalasa mpaka imvi? Sabata yomweyo ndinagulitsa njingayo, n'kupita kwathu kwa Mposa kukatsanzika mayi ndi mkazi wanga Agnesi, amene ndinamutenga chitengwa. Mayi sanandiletse. Anangoti, "Pitani a Fabiano, koma mudzi sausungira pa foni."

Ku Joni ndinazunzika miyezi ingapo, kenako ndinapitirira ku Cape Town komwe ndinapeza ntchito yosamalira nkhalamba ina ya ku France, a Lusiye. Miyendo yawo inali itafa. Ndinkawanyamula, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, ndipo masana tinkasewera tchesi. Pakhoma panali mendulo imene boma la kwawo linawapatsa, ndipo tsiku silinkatha osaitchula.

"Angerezi ndi aulesi," ankatero atanyamula kakavalo ka pa tchesi. "Msilikali wakale wovala zitsulo amati knight. Munthu wopatsidwa ulemu ndi mfumu, knight. Akanso amati knight. Kwathu timasiyanitsa. Wa zitsulo uja ndi wa mendulo ngati ine ndi chevalier. Aka ndi cavalier, wongokwera kavalo basi."

"Ndiye ine wa kabaza ndinali cavalier?"

Anaseka mpaka kutsamwa. Kenako anandigunda ndi ndodo yawo paphewa ili ndi ili, amvekere, "Kuyambira lero ndiwe chevalier." Anali masewera, koma ndinasangalala ngati mwana woguliridwa nsapato. Ndinali ndisanatchulidwepo dzina laulemu chibadwire.

Komabe mtima sunkakhala pansi. Lamlungu, tsiku langa lopuma, ndinkangozungulira m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, kutuluka, kulowanso, kuyang'ana foni. Ndalama ndinkatumiza, nyumba inafoleredwa malata, ana anapita kusukulu atavala bwino. Koma mauthenga a Agnesi ankabwerera pa nkhani imodzi. Kwa akutiakuti kwagwa zovuta. Kwa aujeni aika dzulo. Tsiku lina analemba mosabisa: "Kuphika pamaliro ndikuphika, koma anthu akuti khasu la nyumba ino silioneka kumanda." Ine ndinkayankha potumiza chipepeso. Mumtima ndinkati khasu ndi ndalama chachikulu n'chiti?

A Lusiye atamwalira, obwera pamaliro sanadzaze ngakhale benchi imodzi ya m'tchalitchi. Palibe anagona pasiwa, palibe analira mokweza. Mtembo anautenga a kampani, mendulo ija anaikulunga n'kuitumiza kwa mwana wawo kutsidya la nyanja. Ndinachita mantha tsiku limenelo. Ndinati ndipita kwathu mwezi wamawa, koma ndinapeza ntchito ina, ndipo mwezi wamawa uja unkangosuntha.

Amene anandibweza ndi mayi. Agnesi anaimba foni m'mawa, ndipo ndinadziwira kulira kwake asananene kanthu. Mtembo unandidikira kumotchale. Ndinagula tikiti yopita ndi kubwerera, poti bwana watsopano anandipatsa masiku ochepa.

Tsiku loika, azimayi anali ataphika, akwaya akuimba, bokosi lili m'nyumba, koma uthenga woti manda atha sunkabwera. Dzuwa linakwera. Malume anandikokera pambali nati, "Pitani nokha mukaone." Ndinapita ndi suti yanga ya ku Cape Town. Adzukulu, amuna okumba manda aja, anali atakhala pamthunzi, makasu ali gone. Pansi panali pongolembedwa malire, osakumba. Wowatsogolera anali Sitefano, amene ndinkasaka naye mbewa tili ana.

"Achimwene, chavuta n'chiyani? Ngati ndi za chakudya kapena kangachepe, nenani."

"Iyayi, a Fabiano, tadya," anayankha osakweza mawu. "Mayiwa ndi athu, tiwaika. Timangofuna tikuoneni kaye nkhope kuno kumasano. Bambo anga munawaika ndinu? Mwana wanga uja? Ndalama yanu inkafika, zikomo. Koma ndalama sitsika m'dzenje."

Mkwiyo unandikwera, manyazi nawo pambuyo. Ndinavula jekete, ndinatola khasu, n'kuyamba kutema pamalire paja. Nthaka ya Okutobala inali gwa, khasu linkangodumpha, manja anga ozolowera sopo anatuluka matuza nthawi yomweyo. Ndinkatema ndikulira.

Kenako dzanja linagwira mpini. Anali Sitefano. "Basi. Mwana sakumba manda a mayi ake, mukufuna atiseke a midzi ina? Pitani kusiwa." Anzake anali ataimirira kale. Ndikutola jekete anawonjeza, "Kutsidya kwa dambo kuli gogo wina wadwalika. Zikachitika tikuuzani."

Mayi tinawaika madzulo, mudzi wonse ulipo, anthu mpaka kumsewu. Gogo uja anamwalira patangopita masiku, usiku woti m'mawa mwake ndinyamuke. Chikwama chinali chomangamanga pakhomo, ndipo mtima unkandikokera uku ndi uku. Mpaka lero, ndikamva kulira kwa basi pamsewu wa Liwonde, miyendo imandiyabwa. Koma basi yanga inanyamuka ku Blantyre popanda ine. Pa ola limenelo ndinali m'dzenje lofika m'chiuno, ndikuponya dothi kunja, ndikufunsa Sitefano dzina la gogo amene tinkamukumbirayo.