Mphindi zitatu za maliro a amayi

Anzanga, ine ndi Spencer tinadziwana chifukwa cha phokoso.

Ndimagwira ntchito ku care home ina, nyumba yosamalira okalamba ndi odwala, ku Springburn kuno kunja. Lachinayi lina masana, ndikukankha trolley ya tiyi, ndinamva chinthu chikugunda m'chipinda cha a Jeff, bambo wina amene anadwala stroke. Ndinaganiza kuti makina ochapira awonongeka. Kutsegula chitseko, ndinapeza mnyamata wamadiredi atanyamula kasipika, a Jeff akugwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu.

Ndinamukalipira m'Chingerezi changa chapantchito. Iye anangoyang'ana baji yanga.

"Ketrina? Ndinu a ku Malawi eti? Muli bwanji, asisi?"

Chichewa chake chinali chokhotakhota ngati cha mzungu wa ku mishoni. Anabwera kuno kuchokera ku Malawi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kukulira m'nyumba zitalizitali za ku Sighthill zimene anazigwetsa zija.

Phokoso lija akuti ndi nyimbo. Doom metal. A Jeff omwewo, amene ine ndimawadyetsa phala ndi supuni, ndi amene anayambitsa bandi yotchedwa Boiler Widow mu 1989, ndipo Spencer anali woimba ng'oma wachinayi chiyambireni.

Mbiri ya bandiyi ankaidziwa kuposa ya kwawo. Ankandiperekeza pa bus stop akundifotokozera. Anali anyamata anayi, ana a azibambo amene ntchito inawathera fakitale ya sitima itatsekedwa. Ankayeserera m'galaja yozizira, zala zitauma gwa, moti sankatha kuimba mofulumira. Mapeto ake kuchedwako anakukonda. Anatulutsa ma album atatu, woimba wawo n'kumwalira mu 1998, bandi n'kuthera pomwepo. Patapita zaka khumi ndi zisanu, achinyamata a ku Finland ndi ku Chile anayamba kuwasakasaka pa intaneti, madala aja n'kusasa fumbi pamagitala.

Ine ndinkangomuseka.

"Iwe, nyimbo imodzi mpaka mphindi khumi ndi zinayi? Ndifika kunyumba ku Shawlands musanayambe n'komwe."

Loweruka lina ananditengera kumene amayeserera. Ndinapeza madala a ndevu zoyera, aulemu zedi, anandipatsa tiyi ndi timphira totsekera m'makutu. Atayamba, phokoso lija silinalowere kukhutu, linalowera pachifuwa. Ndipo ndinalizindikira... Kameneka n'kayendedwe ka amayi a Mvano akamaperekeza bokosi kumanda. Anthu awa sanapondeko ku Malawi, koma chisoni amachidziwa kulemera kwake.

Ndinkamuyang'ana Spencer, ndodo ili m'mwamba, akudikira, akudikirabe, kenako du. Ankati ntchito yake si kumenya ng'oma koma kudikira. Ndinamukonda tsiku lomwelo, sindibisa.

Tinakhala chaka chathunthu tili bwinobwino. Iye anayamba kubwera kutchalitchi kwathu, ine ndinagula T-shirt yakuda.

Tsopano anzanga, mumve apa. Amayi anga anamwalira ku Domasi ine nditangokhala miyezi iwiri kuno, ndipo ndinalephera kupita. Mchemwali wanga Doris anandijambulira mawu pafoni, mphindi zitatu zokha: amayi a Mvano akuimba, ndipo chapakati Doris akulira, akuitana dzina langa. Maliro onse a amayi amene ine ndili nawo ndi omwewo. Ndinali ndisanamvetsepo munthu aliyense.

Spencer ndinamutsegulira mawuwo kuti amve, m'khitchini mwanga. Atatha kumvera, anapempha kuti ndimutumizire akamvere ndi ma headphones.

"Koma izi si za anthu ayi," ndinatero. "Kwathu nyimbo ya maliro sitiimba pachisangalalo. N'kulaula."

"Eya, ndamva, babe."

Bandi itakwanitsa zaka 35 anakonza show. Anaiika masana kuti a Jeff athe kubwera, ndipo wheelchair yawo ndinakankha ndine. Holo inadzaza thothotho. A Jeff atalowa, anthu anawapatsa njira akuwomba m'manja, ine ndikunyada ngati ndi bambo anga.

Pa nyimbo yomaliza anazimitsa magetsi. M'masipika munatuluka mawu a amayi a Mvano.

Zibambo zamatattoo zinavula zipewa. Kenako ng'oma ya Spencer inalowa pansi pa mawu aja, gitala n'kutsatira. Ndinene zoona, zinali zokongola. Sindinamvepo bandiyo ikuimba bwino choncho.

Kenako Doris analira. "Ketrina uli kuti, amayi akupita!"

Munthu amene anaima pambali panga, mowa kumanja, ankajambula pafoni.

Sindinathe n'kuthawa komwe, poti a Jeff sindikanawasiya. Ndinaima pomwepo nditagwira zogwirira za wheelchair mpaka nyimbo inatha.

Spencer anandipeza panja, thukuta lili kamukamu, akumwetulira. Anati ankafuna kuti amayi alandire ulemu, kuti ine ndikhale nawo pa maliro amene ndinaphonya.

"Bwanji sunandifunse?"

"Ukanakana."

"Ndiye kuti unkadziwa."

Anapepesa, anachotsa nyimboyo pa mndandanda wa bandi, nawonso madala aja anandilembera kalata yopepesa poti sankadziwa kuti sindinavomere. Koma chibwenzi chinathera pakhomo pa holo ija.

Bandiyo ndimailemekezabe. Lachinayi lililonse ndimawatsegulira a Jeff album yawo yoyamba, n'kutuluka Spencer asanafike.

Anzanga, munthu akakupatsani chinthu n'kunena kuti si cha anthu, musamuganizire zabwino zimene sanapemphe. Mphindi zitatu zija zidakali m'foni mwanga. Koma ndikangotsegula, amayi a Mvano asanamalize n'komwe mzere woyamba, khutu langa limakhala likudikira ng'oma ya Spencer.