Ndinkaba mankhwala a mwamuna wanga akudwala

Inu owerenga, zimene ndikufuna kukuuzani sindinaululirepo ngakhale abusa a mpingo wanga. Kwa miyezi inayi ndinkaba mankhwala a mwamuna wanga ali chigonere, n'kumamwa ndekha, iye ndikumupatsa zina. Mukanditukwana simulakwa. Koma imvani kaye mmene zinakhalira, mwina wina apulumukirapo.

Munali m'chaka cha 2003. Tinkakhala ku Kawale m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine, mwamuna wanga ndi mwana wathu wamkazi Tadala, amene anali ndi zaka zitatu. Kwathu ndi ku Mulanje, ku Lilongwe tinabwera kudzafuna ntchito. Mwamuna wanga anali makaniko kumagalaji a ku Biwi, ine ndinkagulitsa kaunjika pamsika. Sitinali olemera, koma sitinkagona ndi njala.

Matenda anayamba ndi chifuwa, kenako kutsekula m'mimba kosatha, kenako zilonda m'kamwa. Munthu amene ankatsitsa giyabokosi yekha anafika polephera kunyamula ndowa ya madzi osamba. Atamuyeza magazi kuchipatala anamupeza ndi kachilombo. Nanenso ndinayezetsa tsiku lomwelo, ndipo zotsatira zinali chimodzimodzi. Adokotala anandiyang'ana mmene ndinaondera, n'kunena kuti nanenso ndisachedwe kuyamba mankhwala.

Ena mwaiwala kale, koma masiku amenewo ma ARV sanali aulere. Botolo la mwezi umodzi la munthu mmodzi linkaposa lendi ya nyumba yathu, ndipo ife tinali awiri. Ndinapita ku Area 25 kwa alamu anga, akulu ake a mwamuna wanga, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki. Ndinagwada pakhonde pawo n'kufotokoza zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Alamu, ine ndithandiza m'bale wanga. Inu muli nawo abale anu ku Mulanje." Abale amene ankanenawo ndi mayi anga okalamba, olima kadimba ka nandolo. Ndinathokoza, n'kubwerera wapansi.

Mwamuna wanga anayamba mankhwala, piritsi limodzi m'mawa, lina madzulo. Anamwino anatichenjeza kuti asadumphitse ngakhale kamodzi, komanso asagawane ndi munthu. Chifukwa cha zilonda za m'kamwa zija sankatha kumeza piritsi, choncho ndinkalisinja ndi supuni n'kulisakaniza m'phala. Patangotha milungu ingapo anayamba kukhala tsonga, kupempha usipa, mpaka kutuluka panja kukaothera dzuwa. Ndinkasangalala, ndikunena zoona. Koma ine ndinkangopitirira kutha. Mashingozi ananditulukira kuyambira pamsana mpaka pansi pa bere, ndipo chitenje chimene ndinkachimanga kamodzi ndinayamba kuchizunguliza kawiri.

Ndinayesetsa kuti ndipeze botolo langalanga. Ndinagulitsa wailesi, matiresi a chipinda china, ndi zovala zonse zimene zinatsala pabenchi yanga ya kumsika. Tsiku limene ndalama zinakwana ndinalawirira kuchipatala, koma anandiuza kuti mankhwala atha, amene alipo ochepawo ndi a anthu amene anayamba kale. Wina pamzere anandinong'oneza kuti ndikayese m'mafamase a m'tauni. Ndinazungulira anayi. Famase iliyonse inali ndi mtengo wakewake, ndipo wotsika kwambiri unali pafupifupi kuwirikiza katatu wa kuchipatala. Ndinabwerera kunyumba, n'kutenga bokosi la masipanala la mwamuna wanga iye ali m'tulo, n'kukaligulitsa kwa anzake ku Biwi. M'mawa mwake ndinabwerera kufamase yotchipa ija. Bambo wogulitsa yemwe uja, botolo lomwe lija, koma mtengo unali utakweranso.

"Bambo, dzulo lomweli munandiuza mtengo wina," ndinatero.

"Amayi, zinthu zakwera. Ngati simukufuna, alipo ena akubwera."

Ndinalira pamaso pa anthu. Ndinamuonetsa zipsera za mashingozi ngati kuti zingatsitse mtengo. Anangoitana munthu wotsatira. Ndalama zija zinathera lendi ndi ufa.

Sabata yomweyo mnzanga amene tinkayandikana mabenchi pamsika anamwalira ndi matenda omwewa, mwamuna wake atatsogola kale. Pamaliro ndinaona abale akugawana ana ake atatu ngati mbale za m'nyumba. Wamng'ono anali msinkhu wa Tadala, ndipo palibe amene ankamufuna. Nditafika kunyumba madzulo amenewo ndinatsegula botolo la mwamuna wanga kuti ndimukonzere phala. Piritsi lili m'manja, ndinamva Tadala akuimba panja. Ndinameza piritsilo popanda madzi. Kenako ndinasinja piritsi la mutu, n'kuthira m'phala, n'kukamupatsa mwamuna wanga.

Ndinadziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha. Mawa lake ndinachitanso. Mumtima ndinkati iye walimbako kale, theka limukwanira, nanenso theka lindigwirizira mpaka zinthu zitasintha. M'mawa ankamwa iye, madzulo ndinkamwa ine. Pakutha pa mwezi anamwino anandifunsa ngati wodwala wanga akumwa mosadumphitsa. Ndinayankha kuti eya, ndikuwayang'ana m'maso.

Mwezi wachitatu kutsekula m'mimba kunamubwerera mwamuna wanga. Zilonda zinabwerera. Anasiya kutuluka panja. Alamu anga anabwera kudzamuona, n'kumadandaula kuti akutaya ndalama pa mankhwala osagwira ntchito. Ine ndinali pakona, ndikupukuta mbale imene inali youma kale.

Tsiku lina madzulo nditamupatsa phala, mwamuna wanga anadya masupuni awiri, n'kundigwira dzanja. Mawu ake anali atachepa kwambiri.

"Mayi a Tadala, phala la madzulo siliwawa ngati la m'mawa. Ndinazindikira kalekale."

Mbale inandipulumuka. Ndinagwa pansi n'kugwira mapazi ake, ndikupepesa, ndikulumbira kuti sindidzabwerezanso. Iye sanakalipe. Akanakalipa mwina bwenzi lero ndikugona tulo.

"Pitirizani kumwa," anatero. "Matendawa ndinabwera nawo ndine m'nyumba muno. Mwanayu asatsale yekha."

Mawa lake madzulo ndinasinja piritsi lenileni. Analawa kamodzi, n'kutembenukira kukhoma. Ndinamuchonderera, anatseka pakamwa. Masiku atatu zinali choncho, mpaka ndinagonja. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri, inu owerenga. Ndikanathamangira kuchipatala n'kukawauza anamwino zoona zonse, mwina akanatiuza chochita. Koma ndinkaopa kuti atichotsa pamndandanda wa olandira mankhwala, ndinkaopa alamu anga, ndinkaopanso kufa. Ndinapitiriza kumwa piritsi lake iye akuona.

Anamwalira mvula ili mkati, kumayambiriro kwa 2004. Patapita miyezi yochepa chabe, ndikuchapa panja, ndinamva pawailesi ya aneba kuti ma ARV ayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Azimayi ena anaimba nthungululu. Ine ndinakhala pansi m'matope a sopo, osatha kudzuka. Mankhwala ndi omwe aja, botolo ndi lomwe lija. Chimene chinasintha ndi chakuti anthu ena anakhala pansi n'kugwirizana kuti mtengo uchoke.

Nkhani sinathere pamenepo. Nditayamba kulandira anga, achipatala anandifunsa ngati ndinamwapo mankhwalawa kale. Ndinanamanso. Patatha chaka ndi theka ndinayamba kudwala ngati sindikumwa kanthu, mpaka ndinagonekedwa. Adokotala ena achizimayi anakhala pabedi langa n'kundifunsa modekha, ndipo ndinaulula. Anandifotokozera kuti theka la mankhwala silichiza munthu, limangopatsa kachilombo mpata wozolowera. Ndiye kuti chimene ndinkaba chija sichinkandipulumutsa ine, chinangomulanda iye. Anavutika kundipezera mtundu wina wa mankhwala, umene unali wosowa kwambiri, ndipo ndi umene wandifikitsa lero.

Tsono ndikupempheni. Musagawane mankhwala, kaya ndi a kachilombo, a shuga kapena a mtima, ngakhale mumukonde bwanji munthuyo, ngakhale muope bwanji kufa. Zikakuvutani musawanamize achipatala. Manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka kuposa zimene ndasenza ine. Ndipo inu achibale amene muli ndi kangachepe, mukamathandiza wodwala mmodzi m'nyumba ya odwala awiri, dziwani kuti mwasiya mpeni pakati pawo.

Mlandu wanga ndi wanga, sindikuukankhira kwa wina. Koma kwa inu akuluakulu a boma ndili ndi mawu. Ine ndine wamalonda, ndimadziwa kuti wogulitsa ayenera kupeza phindu, ndipo ena amati boma likalowerera pa mitengo katundu amasowa m'mashelefu. Mwina n'zoona pa sopo ndi shuga wam'tiyi. Pabenchi yanga kasitomala amanenerera, ndikakana amachoka n'kukavala malaya ake akale. Koma munthu wofuna mankhwala a moyo sangachoke. Apereka chilichonse chimene wauzidwa, akalephera akachita zonga zimene ndinachita ine. Ngati mumatha kunena mtengo wa mafuta a galimoto, mungalephere bwanji kuika malire pa mtengo wa piritsi limene munthu akalisowa amafa? Ma ARV ndi aulere lero, koma pano pa Kawale ndikudziwa mayi wina amene amabaya mwana wake jakisoni wa matenda a shuga modumphitsa masiku, chifukwa kuchipatala mankhwala akatha, kufamase mtengo umakhala umene mwini wake wadzuka nawo.

Dzulo ndinapita kwa mayi ameneyo n'kumuuza nkhani yanga yonse, kuyambira pa supuni ija. Analira, kenako anandifunsa kuti, "Nanga ndichite chiyani, poti ndalama ndilibe?" Inu amene muli ndi mphamvu yoika mitengo, muyankheni mwana wake akadali moyo.