Dzanja Lomwe Linakankha Fodya wa Ababa

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe chimanga chathu ku Namitambo chinapserera chisanamasule. Ababa sanandiletse. Anangopitiriza kukulunga chingambwe chawo, fodya wolima okha kuseri kwa nyumba, nati, "Pita, koma usakaiwale kwanu."

Kumeneko ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto. Ndalama ndinkatumiza mwezi wina, mwezi wina osatumiza, ndipo pa foni ndinkangoti zonse zili bwino. Bodza lenileni. Chipinda chinali chozizira, wocheza naye panalibe, ndudu n'kusanduka mnzanga. Ine amene kwathu sindinkaukhudza n'komwe fodya ndinafika pomaliza paketi dzuwa lisanalowe.

Chifuwa chitandigwetsa, namwino wina kuchipatala anandiikira kamasewera m'foni. Akuti kamaphunzitsa ubongo. Chithunzi cha ndudu chikatuluka, uchikankhe ndi chala chipite kutali. Chikatuluka cha madzi kapena zipatso, uchikokere kwa iwe. Ndinaseka, munthu wandevu kumakankha zithunzi ngati mwana wa kumkaka. Komabe pa nthawi yopuma, anzanga akuyatsa, ine ndinkakhalira ndowa n'kumakankha. Ndinagwa kangapo n'kusutanso, koma n'kubwereranso kukankha zithunzi. Kaya ndi kamasewerako, kaya ndi mantha a chifuwa, sindidziwa, koma fodya ndinasiya. Dzanja langa linazolowera kukankha mutu usanaganize.

Kumudzi sindinauze munthu. Ukanena kuti wasiya, ndiye kuti waulula kuti unkasuta.

Tsiku lomwe ndinabwerera, pakhomo panadzaza anthu. Masana amuna tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ine ndikuwasimbira za ku Joni, zabwino zokhazokha. Ababa anakulunga chingambwe mosamala kuposa masiku onse, n'kunditambasulira dzanja, amalume ndi aneba akuona.

"Kwaya, Fabiano."

Fungo linandilowa m'mphuno. Sindinaganize chilichonse. Dzanja langa linangouluka n'kukankha dzanja la ababa, fodya n'kugwera m'dothi.

Ababa anawerama movutikira, n'kutola okha, n'kumasansa dothi pang'onopang'ono.

"Ku Joniko akuluakulu mumawakankha chonchi eti?"

Ndinayesa kufotokoza za foni ndi zithunzi, koma mawu anga ankamveka opusa ngakhale kwa ine ndemwe. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo ngakhale potukwanidwa ndi mabwana kudziko la eni.

M'mawa mwake, tikupita ku Misa, amayi anandikokera pambali.

"Iwe sudziwa? Abambo ako sapatsa fodya mwana. Amapatsa wamkulu mnzawo. Iwonso agogo ako anawapatsa tsiku lomwe anabwerako kumigodi. Chichokereni iwe, chaka chilichonse amasankha masamba abwino n'kupachika padenga, amvekere awa ndi a Fabiano."

Titabwerako, ndinapepesa ababa nditagwada, n'kuwauzanso zonse: ndudu, chifuwa, chipatala. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Ndamva. Usadzayambirenso, mwana wanga."

Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Ine ndinkayesa kuti kwathu amadikira ndalama zanga, osadziwa kuti munthu wina ankadikira kukhala nane pansi ngati mnzake. Lero timakhala pakhonde awiri, tikucheza za mvula ndi feteleza. Koma chilakolako chikawagwira, ababa amadzuka mwakachetechete n'kukasutira kuseri kwa khola, mobisala ngati mwana, pakhomo pawo pomwe.