Madzi a Masamba a Mapeyala

Botolo lija linali lobiriwira, lotseka ndi chitsononkho, ndipo linakhala pawindo dzinja lonse limene mng'ono wanga anatupa. M'kati munali madzi ofiira a masamba a mapeyala. Amalume ankawiritsa okha masambawo, ati amawonjezera magazi. Umboni wake? Kufiirako basi. Mpaka lero ndikakumbuka, mtima umandiwawa.

Mwanayo anali atangomuletsa kuyamwa poti amayi anali oyembekezera. Chakudya chake chinali phala lamadzimadzi la ufa woyera, mwina kachewere wowiritsa. Nkhuku zinkaikira kuseri kwa nkhokwe, koma dzira ayi, ati mwana angadwale khunyu. Masaya anatukumuka, mapazi anachita kunyezimira, tsitsi linafiira n'kumathothoka. Azimayi pochokera ku Misa ku Bembeke ankamutsina tsaya: "Koma ndiye mukudyetsatu, mwana kunenepa chonchi!" Anthu akuluakulu, a maso awiri!

Kenaka zilonda zinabuka m'ntchafu, ndi kachifuwa kosatha. M'mawa uliwonse amayi ankamugwira pachipumi. "Sakutentha ayi," ankatero, n'kuthokoza Mulungu. Panalibe wowauza kuti thupi likafooka chotero limasowa ndi mphamvu yomwe yotenthera, matenda amangodya mwakachetechete.

Tsiku lina aphunzitsi anga anatulukira kudzafunsa chimene ndinkajombera kusukulu. Za ine anaiwala atangomuona mwanayo. Anadina phazi lake, chala chinasiya dzenje. Anakoka chikope, m'kati moyera ngati ufa. "Magazi a mapeyala aja ali kuti, bambo?" anatero kwa amalume. Tsiku lomwelo aphunzitsiwo anakweza amayi ndi mwana panjinga, ulendo wa kuchipatala.

Anakhalitsa kumeneko, mpaka chimanga chinamasula n'kubereka. Anamwino anamuika mwanayo magazi enieni, kumubaya majakisoni, kumumwetsa mkaka pang'onopang'ono, madzi amene anamutupitsa thupi n'kuphwa. Lero ndi mayi wa ana ake, wolongolola kuposa tonse.

Koma tsiku limene anabwera, amayi atamutsitsa kumsana, tinaona timiyendo ngati mapesi, nthiti zili pamtunda. Zoti maso ake akuyendayenda, zoti dzanja lake likulanda dowe wanga, sindinazione ngati kanthu. Amalume anapukusa mutu: "Anapita wonenepa, mwabwera ndi mafupa." Ine ndinali mbali yawo. Ndinalira ndi ukali, kudana ndi anamwino amene anandiphwetsera mng'ono wanga, ndipo ndinakwera mumtengo wa mapeyala kukamuthyolera masamba ena.